Kutentha kwatha ku Joni: zovala izi tisunge, titumize kumudzi kapena titaye?

Nabanda (Turffontein): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yaing'ono koma yandisowetsa mtendere. Malichi uyu akutha, m'mawa kwayamba kale kuzizira, ndipo ndikufuna kutulutsa majuzi ndi mabulangete. Vuto ndi malo. Chipinda ndi chimodzi, wadiropu imodzi, ana awiri. Madiresi a nthawi yotentha, makabudula a ana, masandasi, zonse zadzaza mpaka chitseko cha wadiropu sichikutsekeka. Anzanga mumatani? Mumasunga zonse mpaka Okutobala kapena mumasankha? Mchemwali wanga ku Lunzu akuti nditumize zonse zimene sindikuzifuna, koma transporter sanyamula ulere.

Chifundo (Yeoville): Asisi, ine vuto limenelo ndilibe. Zovala zanga za kotentha ndi za kozizira ndi zomwezomwezo, ndimangoponya jekete ya kuntchito pamwamba basi.

Nabanda: Iwe Chifundo, udzakwatira udzaziona. Ndikufunsa anthu a mabanja.

Mayi a Tadala (Cosmo City): Anabanda, choyamba musalongedze kanthu musanachape, ngakhale chioneke choyera bwanji. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndiye ntchito imeneyi imandipeza chaka chilichonse Epulo akamayandikira, kwa abwana komanso kwathu. Malaya amene munavala kamodzi kokha n'kuwabwezera pa hang'ala ndiwo oopsa. Thukuta likauma silioneka, koma likakhala miyezi isanu m'chikwama limasanduka lachikasu m'khwapa ndi m'kolala, ndipo pofika Okutobala silichoka ngakhale mutikite mpaka zala zitupe. Mafuta odzola ndi perefyumu nazonso zimasiya madontho. Chapani zonse, muyanike m'mamawa, muanule isanakwane 3 koloko, chifukwa mvula ya kuno mukuidziwa, imabwera masana ndi mabingu popanda kuodira, nthawi zina ndi matalala omwe. Chovala chikalowa m'chikwama chili ndi kachinyontho ngakhale pang'ono, chimatuluka ndi chuku komanso fungo loti anzanu mu taxi amayamba kutsegula mawindo.

Nabanda: Nanga zimene zachita kale chikasu? Ndili ndi bulauzi yanga yoyera ya Mvano, m'khwapa mwasintha mtundu. Ndimaganiza zoiviika mu Jik usiku wonse.

Mayi a Tadala: Ayi ayi, pa thukuta musayerekeze. Chikasu chimenecho chimabwera thukuta likakumana ndi aluminiyamu amene amakhala mu roll-on, ndipo mankhwala oyeretsera aja amangochikulitsa, kwinaku akudya nsalu. Tengani soda yemweyu timathira mu therere, musakanize ndi timadzi pang'ono akhale phalaphala, mupake m'khwapamo, musiye ola limodzi. Kenako tikitani ndi sopo wobiriwira wa Sunlight uja, mutsukuluze, muyanike padzuwa. Ena amayamba aviika m'madzi othira viniga woyera. Chikakana mubwereze mawa lake. Yoyera yokhayo ndiyo muyanike padzuwa lenileni, zamitundu ayi.

Che Yusufu (Mayfair): Moni amayi ndi abambo. Ine ngati telala ndilankhulepo za nsalu, chifukwa anthu ambiri posankha amangoyang'ana kunja kwa chovala. Chitembenuzeni. Yang'anani m'misoko, makamaka m'khwapa, pakati pa miyendo ndi pamene pathera zipi. Kenako chikwezeni mochilozetsa kuwindo. Ngati kuwala kukudutsa pamatako kapena pamaondo kuposa pena ponse, nsalu yatha, ndipo ngakhale mundibweretsere ndikasoka apa ing'ambika pambali pake. Chimenecho musachisungire malo. Koma zipi yofa, batani lothothoka, mpendero womasuka, izo si zifukwa zotayira chovala, ndi ntchito ya mphindi zochepa pamakina.

Lastiki muikoke pafupi ndi khutu. Mukamva ikulira kuti thethethe, yafa, ndipo miyezi ya m'chikwama idzangoimaliza. Ngati ndi siketi yabwino ndimalowetsa ina, koma kabudula wa mwana wa R30 ndi bwino kungomusiya. Madiresi opepuka a viscose aja amakoma kuvala kukatentha, koma amafupika akachapidwa ndipo amayamba kulekana m'misoko, kawirikawiri akapirira ndi zaka ziwiri. Thonje lenileni ndi chitenje chabwino zimakhalitsa. Ndili ndi makasitomala amene madiresi awo a chitenje cha ku Mapeto ndinawasokera kalekale, ndimangowakulitsa m'chiuno chaka ndi chaka.

Nangozo (Rosettenville): "Ndimangowakulitsa m'chiuno." Che Yusufu, mwatinena mwaulemu.

Che Yusufu: Sindinatchule dzina la munthu, amayi. Chinanso ndi dzuwa. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale Dedza boma, ndiye dzuwa la kuno limawotcha mtundu wa nsalu msanga. Malaya akuda kapena ofiira mukamayanika osatembenuza, pofika Malichi paphewa pasuluka pamene m'munsi mudakali bwino. Osuluka choterewa sabwerera, muwapange a pakhomo.

Chifundo: Achimwene akutsatsa malonda mochenjera apa, tawaonani.

Che Yusufu: Inde ndikutsatsa, sindikubisa. Bwerani panopo pamene makina ali phee. Vuto lanu mumasunga chovala chong'ambika n'kudzachikumbukira pa 15 Disembala, basi ya kumudzi ili mawa, aliyense akufuna ndimalize lero lomwe.

Gogo Nasibeko (Tembisa): Ana anga, musaiwale timibulu toyera ta njenjete tija. Ine m'sutikesi mwanga simusowa, kuyambira ndili mtsikana ku Ntcheu.

Nangozo: Agogo, pepani ndikutsutseniko pang'ono, ndipo ndikunena ngati munthu wosamalira odwala. Timibulu timeneto tambiri timapangidwa ndi naphthalene, ndi poizoni. Kwanu ku Ntcheu sutikesi inkakhala kuchipinda kwina, nyumba yolowa mphepo. Kuno Anabanda akuti chipinda ndi chimodzi, ana awiri, ndipo Juni akafika mawindo onse amatsekedwa usiku wonse. Fungo lija mukulipuma nonse. Kamwana kokwawa kakatola kamayesa switi. Palinso ana ena obadwa ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD, limene si lachilendo pakati pa ife anthu akuda, ndipo kwa iwo ngakhale kuvala chovala chonunkha mankhwala amenewa kungathe kuphwanya magazi, maso n'kuchita chikasu. Zovala za khanda zisayandikire n'komwe.

Ndiponso njenjete zenizeni zimakonda ubweya, ndiye kuti majuzi amene mukutulutsawa, osati madiresi a thonje. Mdani wa zovala zopepuka kuno ndi tizilombo tasiliva tothamanga tija amati fish moth. Timakonda malo amdima achinyontho, mapepala, makatoni ndi sitachi. Choncho musathire sitachi pa chovala chimene mukukasunga, ndipo musasunge m'katoni ya ku shopu, imabwera ndi mazira a mphemvu omwe.

Gogo Nasibeko: Ndamva mwana wanga. Koma ine ndimagona ndekha, fungo lake ndinalizolowera, limandikumbutsa amayi anga. Kwa a ana aang'ono ndavomera.

Nabanda: Ndiye ndisunge muti? Ndili ndi mashangani awiri ndi sutikesi imodzi.

Mayi a Tadala: Sutikesi ikhale ya zabwino, za kutchalitchi ndi za ku ukwati, muiike pamwamba pa wadiropu. Shangani ndi wabwino koma zipi yake sitseka bwino, fumbi limalowa. Ogasiti akafika ndi mphepo yake ija, inu a ku Turffontein muli pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi, mudzapeza zonse zili mbuu. Yalani pilokesi yakale kapena chitenje mkati, mupinde zovala, mukutire pamwamba. Ndipo musamugoneke pasimenti penipeni kunsi kwa bedi, ikani kathabwa pansi. Mukakhala ndi kandalama gulani bokosi la pulasitiki la chivundikiro, ku China Mall kapena ku Dragon City aliko ambiri. Matumba opopa mpweya aja amachepetsadi malo, koma zovala zimatuluka zokwinyika zoti musite tsiku lonse, magetsi a prepaid akuwerenga.

Masandasi apukuteni ndi kansalu ka viniga, aume, mulowetse nyuzipepala. A pulasitiki amene ayamba kusweka pachala musavutike nawo.

Bambo Mbewe (Booysens): Ine ndingowonjezera kuti musalongedze zonse, makamaka inu amene mwabwera chaka chino. Chisanu cha kuno n'chachinyengo. M'mawa popita ku taxi udzu uli woyera, madzi m'beseni panja agwira, koma ikamakwana 12 koloko kuli dzuwa, madigiri 16 kapena 17, wayamba kuvula jekete. Ndiye masikipa ndi malaya opepuka amagwirabe ntchito mkati mwa juzi. Siyani anayi kapena asanu pafupi. Komanso Epulo amakhala ndi masiku otentha ndithu.

Chifundo: Koma osaiwala pa 10 Julayi 2023 pamene kunagwa sinowo mu Joni muno. Ndinali pa geti usiku wonse, m'mawa ndikuona tinthu toyera tikugwa, anthu akutuluka m'maofesi kukajambula. Tsiku limenelo ndinavala masikipa onse amene ndinali nawo nthawi imodzi. Ndiye a Mbewe akunena zoona, sikipa sapita pa holide.

Nabanda: Zikomo nonse, za kusunga ndamva. Tsopano zotsalazo. Ndasankha usiku uno, mulu wa zimene sindidzavalanso ndi waukulu kuposa wa zosunga. Muli madiresi ondithina, masiketi osuluka, makabudula a ana, masikipa otambasuka khosi. Ndingothira zonse mu shangani zipite ku Lunzu?

Mayi a Tadala: Tumizani zonse. Kumudzi kulibe chotaya. Chimene inu mukuti chatha, wina apita nacho kumunda, wina adula apangira mwana kasiketi, chotsala chikhala chopukutira. Ife tikakhala kuno timayamba kuona zinthu ndi maso a ku Sandton.

Esnart (Ndirande): Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilankhule, chifukwa ine ndinabwerera kumudzi ndipo tsopano ndili mbali yolandira. Amayi a Tadala, ndimakulemekezani, koma mawu akuti kumudzi kulibe chotaya ndi amene amatipweteka.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira chikwama cha ku Joni chikafika. Foni imalira kuti katundu wafika ku Wenela. Munthu amabwereka ndalama ya minibasi, kubwera ndi chikwama pamutu kukwera mtunda wa Ndirande, anthu onse a mu laini akuona. Pofika pakhomo ana adzaza, apongozi abwera, ngakhale aneba amene simulankhulana apeza chifukwa chodzabwereka mchere. Amayala mkeka, kutsegula zipi. Chaka chatha kwa aneba anga munatuluka malaya a chizindikiro cha simbi pamsana, chopsereza chabulauni chooneka bwinobwino. Munatuluka nsapato ya mwendo umodzi, kabudula wosambira wa mzimayi, buluku lopanda zipi, ndi diresi lakuda m'khosi losachapa n'komwe. Mayi wa pakhomopo anangoti "zikomo, atikumbukira," n'kubweza zonse m'chikwama mwakachetechete. Madzulo ake nkhani inali ponseponse, yakuti mwana wawo ku Joni zinthu sizikumuyendera. Chikhalirecho mwanayo analipira transporter ndalama zoti akanangotumiza pa Mukuru mayi ake akanasankha okha pa kaunjika.

Musaiwale kuti kaunjika kuno ali paliponse, mu Limbe, mu msika wa Ndirande, m'mashopu a DAPP. Anthu amadziwa kusankha, amadziwa nsalu yabwino. Sikipa yotambasuka khosi palibe amene akuidikira.

Mayi a Tadala: Esnart, iwe ukunena za mu tauni. Kwathu ku Kasiya munthu amalima ndi chovala chimodzi mpaka chimatha pathupi. Ndikatumiza zakutha amayi anga amasangalala, amati zasunga zabwino zija kuti zisapite kumunda. Ndiye usatiuze ngati tonse tikutumiza zinyalala.

Esnart: Sindinati nonse, amayi. Ndipo za kumunda ndikuvomereza. Koma muziike pazokha, m'jumbo yakeyake, mulembe kuti "za kumunda," ndipo muwauze pafoni zisanafike. Zisatuluke pamkeka pamaso pa anthu ngati mphatso. Ndipo zikhale zochapa. Munthu wolima nayenso ali ndi mphuno.

Mayi a Tadala: Pa kuchapa pokha tagwirizana. Ine sinditumiza chosachapa.

Bambo Mbewe: Poti ine ndi amene ndimanyamula zikwama zimenezi, ndinenepo. Ife timalipiritsa poona kukula ndi kulemera kwa chikwama, sitifunsa kuti mkatimo muli suti kapena sanza. Chikwama chimenecho chidutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza, dizilo akuyaka njira yonse, ndipo pa boda iliyonse pali zolipira. Ndiye musanatseke zipi dzifunseni ngati zili mkatimo zikuposa mtengo wa ulendo. Nthawi zambiri theka la chikwama ndi zinthu zoti mwini wake atazipeza pamsika sangagule.

Malangizo anga ndi awa. Lembani dzina ndi nambala ya wolandira kunja ndi penti kapena maka, komanso pa pepala mkati, chifukwa mashangani onse amafanana. Mkati yambani ndi pulasitiki yakuda, popeza katundu amakwera pa ngolo ndipo Epulo mvula imatipezabe m'njira. Musabise foni kapena ndalama m'matumba a zovala, zikasowa timadana chabe. Ndipo mukagula zatsopano za mtundu umodzi zambirimbiri zili ndi mapepala a mitengo, a MRA pa Mwanza amaziona ngati katundu wa bizinesi, msonkho wake mudzalipira ndinu. Zovala zovalidwa kale za banja sizivuta kwenikweni.

Esnart: Chinanso chimene a ku Joni mumaiwala ndi nyengo. Mukatumiza madiresi opanda manja kumapeto kwa Epulo, akufika kuno chisanu chikuyamba. Juni ndi Julayi ku Blantyre, Thyolo, Mulanje kumakhala chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu masiku angapo osaona dzuwa. Ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba ndiye musanene. Nthawi imeneyo anthu akufuna majuzi, majekete, masokosi ndi mabulangete. Madiresi anuwo akangolowanso m'chikwama china kudikira Seputembala. Ngati kwanu ndi ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga, tumizani lero lomwe, kumeneko chovala chopepuka chimagwira ntchito chaka chonse. Koma a ku Lunzu, ine ndikanati sungani zabwinozo mudzatumize Ogasiti, zikafike kutentha kukuyamba.

Nabanda: Koma ndiye nkhani yake ndi ya malo omwewo, achemwali. Ndizisunga kuti mpaka Ogasiti?

Esnart: Mukachotsa zakuthazo mudzaona kuti zoyenera kutumiza sizidzaza ngakhale theka la shangani.

Gogo Nasibeko: Ine ndili ndi lina. Muziyang'ananso kuti mukutumizira ndani. Tinthu tafupitafupi timene mumavala kuno Disembala, timakabudula ta atsikana ndi madiresi oonetsa msana, mukatumiza kwa apongozi anu kumudzi mukufuna avale ndani? Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, lamulo la 1973 linkaletsa mzimayi kuvala buluku kapena siketi yosafika m'maondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Lamulo linapita koma maso a anthu kumudzi sanapite nalo. Mtsikana akavala zimenezo pa mjigo, amene atukwanidwe ndi mayi ake, ndi inu amene munatumiza.

Chifundo: Agogo, Malawi wasintha. Pitani ku Gateway Mall ku Lilongwe Loweruka mukaone mmene atsikana akutchenera.

Gogo Nasibeko: Ndati pa mjigo, mwana iwe, sindinati pa mall.

Nangozo: Agogo apambana. Ine zoterezo ndimapatsa ana a aneba konkuno. Ndipo ndikumbutse za Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, pamene tinkasonkhanitsa zovala zopita kwa anthu a ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje. Amene tinali posankha paja tikukumbukira. Anthu anabweretsa ndi mtima wabwino, koma milu ina inali ya nsapato za gogoda, zovala zamkati zakutha ndi madiresi a ku phwando. Tinataya nthawi yambiri kupatula, pamene chofunika chinali mabulangete, zitenje ndi zovala za ana. Kuyambira pamenepo ine ndisanapereke chovala ndimaganiza munthu weniweni, dzina lake ndi msinkhu wake. Ndikalephera kumupeza m'mutu, ndiye kuti ndikungofuna kuchotsa katundu m'nyumba mwanga.

Mayi a Tadala: Apo ndiye mwandikumbutsa za majumbo akuda a mabwana. Nyengo ino ndi imene madamu ambiri amakhuthula mawadiropu awo n'kukupatsa jumbo lonse. Mumakhala zabwino ndithu, nsalu za linen, nsapato zovala kawiri, koma mumakhalanso zoti iwo aulesi kukataya. Ine ndimalandira zonse ndi manja awiri, kusankha ndimakasankhira kunyumba. Koma anzanga a m'nyumba, chonde, muziwapempha akulembereni kakalata kapena uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti akupatsani. M'ma estate muja alonda a pa geti amatsegula zikwama, ndipo iwe mlendo ukagwidwa ndi jumbo la zovala za madamu popanda umboni, pofika poti aimbire foni mwini wake wachita kale manyazi.

Chifundo: Izi ndi zoona, ife alonda timauzidwa kuti tizisecha aliyense wotuluka ndi katundu. Kakalata kamatithandiza tonse.

Tiyamike (Diepsloot): Ndalowa mochedwa, pepani. Palibe amene wanena za sale. Ino ndiyo nthawi imene PEP, Ackermans, Jet ndi Mr Price amatsitsa zovala za kotentha kuti apeze malo a majuzi. Ine ndimagulira ana za chaka chamawa panopo, saizi imodzi kutsogolo. Okutobala akafika anzanga akugula pa mtengo wonse, ine ndikungotsegula chikwama.

Nabanda: Tiyamike, ine ndikulira malo, iwe ukuti ndikaonjezere zina?

Tiyamike: Za ana zokha, asisi, sizidya malo. Makabudula awiri, masikipa atatu, basi. Nsapato ayi, phazi la mwana silidziwika, limatha kudumpha masaizi awiri m'chisanu chimodzi. Za akulu ndiye ndimapewa, chifukwa diresi la sale umagula poti latsika, osati poti ukulifuna.

Che Yusufu: Ndipo ambiri mwa madiresi othina amene Anabanda akunena, ndikhulupirira ena adakali ndi pepala la mtengo. Amagula akuti "ndidzachepa." Ine ndasoka zaka zambiri, amene anabwera kudzachepetsa diresi ndi owerengeka, odzakulitsa ndiye tsiku lililonse. Ngati mkati muli nsalu yotsalira m'misoko ndingathe kutulutsa masentimita atatu kapena anayi. Zambiri za m'mashopu otchipa amadula moumira, mulibe chotulutsa. Zikatero perekani kwa wina chidakali chatsopano, musadikire kuti lastiki ife.

Koma chitenje musataye ngakhale chitasuluka. Diresi la chitenje lakutha pamwamba, siketi yake imatuluka kadiresi ka mwana, kapena mapilokesi awiri. Zidutswa ndimalumikiza n'kuika bulangete lakale mkati, chimatuluka chofunda cholemera bwino cha Julayi. Amene akufuna abweretse, ulusi ndi nsalu ya mkati ndimakagula ku Oriental Plaza, pafupi pompa.

Tiyamike: Ndipo ndalama ya transporter imeneyo bwanji osayamba mwaika lay-by ya majekete a ana, shopu ikusungireni inu muzilipira pang'onopang'ono? Sukulu zikatsegulira teremu yachiwiri mu Epulo amayamba kufuna yunifolomu ya chisanu, mabuluku aatali, ma tracksuit, majuzi a mtundu wa sukulu. Mukadikira Juni masaizi apakati amakhala atatha. Kwa ife akulu kuli dunusa, kaunjika wa kuno, ku tauni, cha ku De Villiers Street kufupi ndi Park Station. Panopa milu ikusintha, ayamba kukhuthula majekete. Pitani m'mawa, ndalama m'bra, foni musatulutse.

Nangozo: Za dunusa muchape ndi madzi otentha musanaphatikize ndi zina. Nsikidzi za mu tauni sizilipira lendi.

Nabanda: Chabwino, ndapanga chonchi. Sutikesi yatenga za kutchalitchi ndi madiresi anayi amene ndimavaladi. Masikipa ndasiya panja monga anenera a Mbewe. Za kumunda ndaika m'jumbo yake, ndamuimbira mchemwali wanga, akuti masiketi osulukawo awafuna koma masikipa ayi, akuti ali nawo okwana. Esnart, unanena zoona, amasankha. Madiresi awiri a chitenje apita kwa Che Yusufu. Chatsala ndi zovala za ana zimene zawachepera, zabwinobwino, za mtsikana wa zaka 5 mpaka 6 ndi mnyamata wa zaka 8. Ku Lunzu kulibe wa msinkhu umenewo.

Tiyamike: Za mtsikanazo ndikuzifuna ine! Wanga akwanitsa zaka 5 mu Novembala. Ndili ndi majuzi awiri ndi jekete ya zaka 7 mpaka 8 imene mwana wa mlamu wanga anaisiya, tisinthane.

Mayi a Tadala: Bwanji tipange tonse tsiku limodzi? Aliyense abwere ndi zake zochapa, zopinda, tiyale, wofuna atenge. Zotsala zabwino tisankhe pamodzi chikwama chimodzi, tisonkhe ya transporter, Esnart akalandire ku Wenela akapereke kumene akudziwa kuti zikufunika.

Esnart: Ndilandira, koma ndikatsegula ndikapeza nsapato ya mwendo umodzi ndijambula ndiponye pompano ndi dzina la mwini wake.

Gogo Nasibeko: Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndi bwino, Isitala isanafike, anthu asanabalalike. Ine ndibwera ndi mandasi. Koma wina adzanditenge pa renki, miyendo yanga ndi masitepe a mu tauni sizigwirizana.

Chifundo: Ndidzakutengani ine agogo, ndikuweruka 6 koloko m'mawa tsiku limenelo. Ndipo ngati pali wina ali ndi jekete ya bambo saizi 34 imene abambo a kunyumba yawathina, musaitumize kumudzi, wovutika ali konkuno ku Yeoville.

Bambo Mbewe: Galimoto yanga inyamuka Lachinayi la sabata yotsatira. Chikwama chifike ku Booysens pofika Lachitatu masana, chomanga kale ndi chingwe, osati tepi.

Nangozo: Amene ali ndi nsapato za sukulu zakuda saizi 2, ngakhale zofuna polishi, andisungire.